Galasi la m'bafa kwa a Bernado

Takondwa anaitanitsa mmisiri m'mawa wa tsiku lomwe ankaika maliro a Roza, kamtsikana ka kutsidya kwa khwawa. Akanakonda kudikira kuti maliro adutse kaye, koma anaona kuti mawa likhoza kumupeza alibe nyumba.

Nyumbayo inali pachitunda, kumtunda kwa Chezi. Anaimangitsa ndi mlongo wake Mayeso, amene ankagwira ntchito ku Joni. Inali ya malata ofiira, ya bafa lam'kati lokhala ndi matailosi oyera, ndipo pamwamba pa sinki anamatapo ndi guluu galasi lalikulu ngati theka la chitseko. Mayeso ankafuna kuti bambo awo akalambe ngati bwana.

Bambo awowo, a Bernado, sanali mbadwa yakuno. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo anakwera mpaka kukhala kapitawo. Esiteti itatsekedwa anapempha malo n'kukhazikika. Anthu ankawapatsa moni bwinobwino, koma sanaiwale kuti amene ankakana fodya wawo pasikelo anali omwewa. Akazi awo anamwalira kale, ndipo m'dera lonselo analibe wachibale kupatula ana awo awiriwo.

Chaka chathachi mutu wa a Bernado unayamba kusokonekera. Ankavala malaya chotembenuza, ankafunsa za anthu amene anaikidwa kalekale, ndipo tsiku lina anawapeza pamsewu wa Salima akuti akupita kukaitana mayina a matenanti. Takondwa anasiya utelala wake ku Lilongwe, nanyamula makina ake osokera kubwera kudzawasamala. Ku chipatala cha Mtengowanthenga anamuuza kuti ndi matenda obwera ndi ukalamba, ubongo umafooka, ndipo chofunika ndi kuwaleza mtima.

Kenako madalawo anayamba kucheza ndi galasi. Akalowa m'bafa n'kuona nkhalamba ya imvi ikuwayang'ana, ankaisandutsa mkulu wawo Filipo, amene anamwalira ku Phalombe Takondwa asanabadwe. Ankamupatsa moni, kumufunsa za mvula yakumudzi, nthawi zina kumusiyira gwafa pasinki. Takondwa sanaletse, chifukwa akatuluka m'menemo ankakhala ofatsa tsiku lonse ndipo ankadya bwino.

Amene anamva macheza amenewa anali Luckness, mayi yemwe ankabwera kudzachapa zovala. Mwina sanafune zoipa. Anangouza mnzake pamjigo, ndipo nkhani itazungulira mudzi inabwerera itanenepa. Ena ankati a Bernado ali ndi galasi loitanira akufa. Ena ankati amaonerapo ana a anthu, ndipo chuma cha Mayeso ku Joni chikuchokera momwemo.

Roza ankadutsa pakhomopo popita kusukulu, ndipo a Bernado ankamuthyolera magwafa. Sabata imeneyo mwanayo anatentha thupi, nakomoka, n'kumwalira ali panjira yopita kuchipatala. Takondwa atapita kusiwa ndi mbale ya ufa, amayi anasendera kutali naye, ndipo mbale yake palibe anailandira. Pobwerera, mnzake wa kwaya, Lines, anamutsatira mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Anzanga, musayang'ane kumbuyo," anatero Lines monong'ona. "A Elisha, amalume ake a mwanayu, anapita kukaombeza. Auzidwa kuti wachita izi ndi munthu wobwera, ndipo amagwiritsa ntchito galasi. Akaika maliro mawa akuti akwera kwanu akalione okha."

N'chifukwa chake Dominiko anafika pakhomopo dzuwa litangokwera, atamangirira thumba la zida kumbuyo kwa njinga yamoto. Anali kalipentala wa pamsika wa Chezi, yemwenso ankaika magalasi m'mawindo. Za mphekeserazo sankadziwa kanthu.

"Mulichotse," anatero Takondwa atamulowetsa m'bafa. "Kenako mudule kachidutswa koti kakwane kuseri kwa chitseko cha wadilopu yanga. Makasitomala akamayesa zovala amafuna podziyang'anira. Lotsalalo ndiona chochita nalo."

Dominiko anagogoda galasilo ndi chala, kuyambira m'makona mpaka pakati. "Amene anamata apa sanaumire guluu. Kodi kungoliphwanya bwanji, asisi? Ndikudulirani lina latsopano kushopu."

"Ayi, lisasweke. Sindikufuna phokoso."

Dominiko anamuyang'ana pang'ono. Anamata selotepi pagalasi ponse mopingasa, kuti likasweka lisamwazike. Anatulutsa waya wa buleki ya njinga, namangirira timitengo tiwiri kunsonga zake. Atalowetsa wayayo kuseri kwa kona yakumwamba, anayamba kukoka uku ndi uku ngati akucheka thabwa, akutsika pang'onopang'ono. Takondwa anagwira galasi ndi manja onse awiri kuti lisapendekeke. Waya ukamadya guluu unkalira ngati munthu wokukuta mano, ndipo fumbi la pulasitala linkathothokera musinki.

Pawindo laling'ono la bafa panali kulowa nyimbo za maliro. Mphepo inkazibweretsa kuchokera kutsidya, nthawi zina zomveka mawu onse, nthawi zina ngati kung'ung'udza chabe. Takondwa ankadziona yekha m'galasimo, mphuno itatsala pang'ono kukhudza mphuno inzake, thukuta likutsika m'masaya. Anatembenuzira nkhope kumbali.

A Bernado anawakhazika pampando kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mango, nawatsegulira wailesi. Koma sanakhalitse. Anamveka akukhwekhwereza masilipasi mukhonde, kenako anagogoda pachitseko cha bafa.

"Muli ndani umo? Achimwene sanadye kanthu chidzukireni."

"Mukukonzedwa, ababa. Pitani mukamvere wailesi, ndikubwera."

"Musawasowetse mtendere. Iwo aja sakonda anthu ambiri."

Masilipasi aja anabwerera. Dominiko anasiya kukoka waya. "Achimwene ake ati?"

Takondwa anaona kuti kubisa sikuthandiza. Anamuuza zonse: za matenda, za Luckness, za Roza, ndi zimene Lines ananong'ona kuseri kwa nkhokwe. Dominiko anapukuta manja pathalauza, nayang'ana pawindo kumene kunkachokera nyimbo.

"Mukanandiuza pafoni paja, asisi. Ine ndili ndi ana. Anthu akafika n'kundipeza ndagwira chinthu chimenechi, adzati ndine wothandizira."

"Ndikanakuuzani simukanabwera."

"Zoona, sindikanabwera."

Galasi linali litamasuka kumtunda, kumunsi likadali logwira, ndipo Takondwa akanachotsa manja likanathyoka pakati n'kumugwera pamiyendo. Dominiko anaona zimenezo. Anapukusa mutu, nathira parafini pang'ono kuseri kwa galasi kuti guluu afewe, n'kugwiranso timitengo tija. Tsopano ankakoka mofulumira. Waya unaduka kamodzi, namucheka chala. Anachimanga ndi selotepi yomweyo, nalumikiza waya, n'kupitiriza.

Kutsidya nyimbo zinasintha. Zinali zoyenda nazo tsopano, zikutsikira kumanda.

Pamapeto galasi linalekana ndi khoma ndi kaphokoso konga kung'ambika kwa nsalu. Analinyamula awiri, mopendeketsa, mpaka pabalaza, pamene Takondwa anali atayala bulangete patebulo. Pakhoma pomwe linachoka panatsala zigamba zakuda za guluu ndi mabala a pulasitala wosupuka, zosaoneka bwino pakati pa matailosi oyera aja.

Dominiko anasenda selotepi, nayeza chitseko cha wadilopu, n'kulemba mzere pagalasi. Anagoneka thabwa lowongoka pamzerepo, naviika kachitsulo kake kodulira magalasi m'parafini, n'kukoka kamodzi kokha kuchokera kunsonga mpaka kunsonga. Anasendezera galasi m'mphepete mwa tebulo, nalikanikiza ndi zikhatho. Linangoti thwa, n'kulekana bwinobwino. Anachitanso chimodzimodzi mbali inayo, ndipo panatuluka kachidutswa kotalika ngati mkono. Anayamba kukapala m'mbali ndi mwala wonolera kuti kasacheke munthu.

Ali mkati mopala anaimitsa dzanja, natchera khutu.

"Nyimbo zatha," anatero.

Takondwa anapita pawindo. Kwa nthawi ndithu sanaone kanthu koma chimanga chikugwedezeka m'minda ya m'mphepete mwa khwawa. Kenako panjira yokwera chitunda panatulukira mitu ya anthu. Patsogolo panali amuna, ena mwa iwo adzukulu atasenza makasu amene anakumbira manda. Amayi ankatsatira patali. Palibe ankathamanga ndipo palibe ankafuula. Ankangokwera.

"Tibise pansi pa bedi," anatero Takondwa.

"Akalipeza pobisika ndiye mwadzimangirira nokha. Lisiyeni pomwepa."

Anthu aja anadzaza pabwalo. Elisha anali munthu wamtali, wa jekete lakuda lothina m'mapewa, maso ali psuu. Sanalonjere. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mayi, tabwera kudzaona galasi."

"Lowani, bambo. Pepani ndi zovutazi."

Analowa ndi amuna anayi, ena n'kuunjikana pakhomo ndi m'mawindo. Sanayang'ane patebulo. Luckness anali atawafotokozera kale pomwe linali, choncho analunjika kubafa. Atafika anangoima, akuyang'ana zigamba zakuda zija.

"Mwachotsa," anatero Elisha motsitsa mawu. "Ife tikuika mwana, inu muli kalikiliki kuchotsa. Munthu wosalakwa amachotseranji?"

"Ndinamva zimene zikunenedwa, ndiye ndinaopa. Lili patebulo apo, silinabisidwe. Ndi galasi wamba, a Elisha, logula kusitolo. Bambo anga akudwala mutu, kuchipatala akudziwa."

"Anakuuzani ndani kuti tikubwera?"

Panja wina anati, "Walidula kale! Wachotsamo mphamvu!" Mawuwo anayenda pagulu lonse, ndipo makasu anagundana.

Nthawi yomweyo a Bernado analowera khomo lakuseri. Anadutsa pakati pa amuna aja ngati sakuwaona, ndipo iwo anawapatukira msanga, aliyense kuopa kukhudzana nawo. Madalawo anaima pasinki, nayang'ana khoma. Anakweza dzanja n'kusisita guluu wouma uja.

"Achimwene ali kuti?" anafunsa. "Takondwa, wawapititsa kuti achimwene? Anali pompano m'mawa. Ndawasungira gwafa."

Anatulutsa gwafa m'thumba la malaya. Pakhomo mayi wina anakuwa, ndipo panja phokoso linakula. Takondwa anathamangira pabalaza, nalanda kachidutswa kaja m'manja mwa Dominiko, n'kubwerera nako kubafa.

"Awa, ababa. Sanapite. Awa."

A Bernado anakalandira ndi manja awiri. Nkhope yawo inamasuka. "Aa, achimwene Filipo! Mwandiopsa. Akuikani m'kanyumba kakang'ono bwanji? Mwadya koma?" Anadikira yankho, akugwedeza mutu pamodzi ndi nkhalamba ya m'galasiyo, kenako anaseka pang'ono ngati auzidwa nthabwala.

Elisha anali ataima kumbuyo kwawo, ndipo nkhope yake inaonekera m'galasimo pamwamba pa phewa lawo. A Bernado sanacheuke. Anayang'anitsitsa mlendo wa m'galasiyo.

"Mwabwera ndi mnzanu lero? Takulandirani, bambo. Koma maso anuwo afiira. Mwakhala mukulira. Kwagwanji kwanuko?"

"Pepani," anapitiriza a Bernado, akulankhulabe ndi galasi. "Achimwene, apatseni mpando mnzanuyo. Munthu wolira saimirira."

Lines anadzipanikiza pakati pa amuna mpaka anafika pakhomo la bafa. Analankhula mokweza kuti ndi apanja omwe amve. "A Elisha, apongozi anga ku Ntchisi anatero ndithu asanamwalire. Ankatukwanizana ndi nkhope yawo mundowa ya madzi, amvekere mkazi ameneyu akundibera ufa. Kodi nawonso anali mfiti? Mwaona nokha, sakudzidziwa n'komwe."

"Iwe ndiye unadzaulula eti?" anatero mwamuna wina kumbuyo kwake.

Mwala unagwa padenga. Phokoso lake pamalata linadzaza nyumba yonse, ndipo a Bernado anakumbatira kagalasi kaja pachifuwa. Unagwanso wina. Elisha anatuluka msanga, naima pakhonde, n'kukweza dzanja.

"Amene waponya mwalayo asiye! Mwana ndi wanga, mlandu ndi wanga. Palibe akhudze munthu pano ine ndisananene."

Gulu linang'ung'udza, koma miyala inaleka. Elisha anabwerera pabalaza, naloza chigalasi chotsala chija pamodzi ndi zidutswa zake. "Izi tikutenga. Akaziona amene amadziwa zoterezi." Amuna awiri anazikulunga m'bulangete lomwelo, mosamala kuti asazikhudze ndi manja, n'kutuluka nazo. Anthu anawapatukira, kenako anayamba kuwatsatira kutsika chitunda, ena akucheukabe.

Elisha anatsalira. Anayang'ana a Bernado, amene tsopano anali atakhala pampando wa pabalaza akupukuta kagalasi ndi mkono wa malaya. Kenako anatembenukira kwa Takondwa, nalankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Zimene ndaona ndaona. Sindikudziwa kuti ndiganize chiyani. Koma bambo wa mwanayu ali ku Mozambique, maliro amuphonya, ndipo akufika mawa ndi abale ake. Lero anthuwa ndawabweza. Mawa sadzandimvera."

Anatuluka osatsanzika.

Takondwa anakhala pansi penipeni, pasimenti, nagwira mutu. Lines anagwada pambali pake. Dominiko anali akulongedza zida zake, ndipo atamanga thumba anaima pakhomo ngati wotsanzika. Koma sanapite.

"Muli ndi kopita, asisi?"

"Ku Mvera kuli makolo a mlamu wanga, mkazi wa Mayeso. Sindikudziwa ngati angatilandire ndi nkhani yotereyi."

"Aimbireni. Mnzanga wina ali ndi kalole konyamula tomato, ndimuuza adzere njira yakumtunda, asadutse m'mudzi. Mutenge zofunika zokha."

A ku Mvera anavomera, ngakhale mayi wa kumeneko anafunsa kawiri ngati zonenedwazo zinalidi zabodza. Takondwa analongedza zovala, mabulangete, mapoto ndi makina ake osokera. Lines anamuthandiza kugwira nkhuku, koma zina zinathawira m'chimanga ndipo anazisiya. Kalole kanafika dzuwa litapendeka. A Bernado anakana kukwera mpaka Takondwa atawauza kuti akupita ku Phalombe kukaperekeza achimwene. Apo anakwera okha, nakhala kutsogolo mowongoka ngati kapitawo.

Pamene ankatsika mbali ina ya chitunda, Takondwa anaona anyamata atatu atakhala pachulu m'mphepete mwa msewu. Sanaimirire. Anangoyang'ana galimotoyo mpaka inakhota.

Nyumba ija sinatenthedwe. Patapita masiku angapo Lines anaimba foni kunena kuti mawindo onse aswedwa, chitseko chazulidwa, ndipo chimanga cha kumunda chathyoledwa chisanakhwime. Apolisi anabwera, nafunsa mafunso, koma m'mudzi monse munalibe amene anaona kanthu. Lines anasiya kupita kukwaya chifukwa pabenchi pake palibe ankafuna kukhalapo. Dominiko naye anatha miyezi osaitanidwa ntchito kutsidya kwa khwawalo.

Ku Mvera anawapatsa kanyumba ka kuseri, komwe kale ankasungiramo fodya. Takondwa anaika makina ake pakhonde, ndipo pang'onopang'ono amayi a kumeneko anayamba kumubweretsera nsalu. Sanauze aliyense chimene anachokera ku Chezi. Wina akafunsa, ankangoti anafuna kukhala pafupi ndi achibale. Koma mlendo aliyense akaima pachipata n'kufunsa dzina lake, mtima unkamugunda mpaka adziwe chimene wadzera.

A Bernado anadwala chibayo mvula ikupita kumapeto, ndipo sanachire. Mayeso anabwera kuchokera ku Joni kudzaika maliro, ndipo atamaliza anati akufuna akaone nyumba yake. Takondwa anamuuza njira yakumtunda, namuchenjeza kuti asatsike galimoto. Iye mwini anatsala.